Mmene ndinalasira nkhukundembo yam'tchire ku Indiana, ndi tiatambala tomwe ndinatisiya

Ndili mwana ku Ntcheu, nkhanga zinkatisowetsa mtendere ife a malegeni. Umati ukangosuntha phazi, zonse balala. Nditakhazikika ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, ndinakumana ndi mbalame yatcheru kuposa nkhanga: nkhukundembo yam'tchire. Anandikokera ku ulenje umenewu ndi mkulu wina wa kuntchito kwathu, mlenje wakalekale, ndipo ine ndinasankha uta chifukwa mtima sunkandilola kusunga mfuti m'nyumba muli ana.

Ndinayamba ndi mapepala. Ku Indiana, wobadwa pambuyo pa 31 Disembala 1986 amayenera kuchita kaye maphunziro a ulenje, ndipo ine ndinali m'gulu limenelo. Nditamaliza ndinagula pa intaneti layisensi ya nkhukundembo pamodzi ndi sitampa yake ya mbalame zosakidwa. Nyengo yosaka imatsegulidwa kumapeto kwa Epulo, imatenga masiku 19, ndipo munthu amaloledwa mbalame imodzi yokha: yaimuna, kapena iliyonse yokhala ndi ndevu. Ndevuzo ndi tsitsi lolimba ngati la tsache lomwe limalendewera pachifuwa. Kuthira chimanga kuti uzikope n'koletsedwa.

Kenako kunali kuphunzira kulasa. Pa nkhukundembo, malo a mtima ndi mapapo ndi aang'ono, sasiyana kwenikweni ndi lalanje lalikulu, ndipo tambala akadzitukumula nthenga zimakunamiza, umaona chimbalame chachikulu pamene theka lake ndi mpweya. Ikaima cham'mbali umalunjika pomwe phiko lalumikizana ndi thupi. Ikakuyang'ana, pamwamba pang'ono pa tsinde la ndevu. Miyezi iwiri ndinkaponya mivi madzulo aliwonse nditakhala pa kampando, chifukwa kutchire sulasa utaimirira.

Malo tinapatsidwa ndi mlimi wina wachikulire, mnzake wa mkulu uja. Masiku atatu tinapita m'bandakucha kukangomvetsera. Nkhukundembo zimagona m'mitengo, ndipo atambala amayamba kulira ali konko, kulira kogubuduza komwe kumamveka kutsidya la munda. Titadziwa mitengo yomwe zimagona ndi njira yomwe zimatsikira, tinaimika katenti kobisalamo m'mphepete mwa munda wa soya. Chodabwitsa n'chakuti mbalame yoona kuphethira kwa munthu siiopa tenti. Mkati umavala zakuda, mazenera a kumbuyo otseka, ndipo zofiira, zoyera kapena zabuluu suvala n'komwe, chifukwa ndiyo mitundu ya mutu wa tambala ndipo mlenje wina angakulase.

Chaka choyamba ndinabwerako chimanjamanja, vuto linali langa. Tambala anafika bwinobwino, diso langa likumuona pa zenera, koma ndinaiwala kuti muvi umakhala m'munsi mwa poyang'anira. Unamenya nsalu ya tenti n'kugwera pa mapazi pomwepo.

Chaka chachiwiri, tsiku lachitatu, ndinalowa m'tenti kudakali mdima. Zidole ziwiri za pulasitiki, cha thadzi ndi cha katambala, ndinaziika mamita 9 kuchokera pa zenera. Kutayamba kuyera ndinakhukhuza kabokosi koitanira katatu, motsanzira thadzi, n'kukhala chete. Cha m'ma 7 koloko ndinaona mitu inayi yofiira ikutuluka m'tchire. Mtima unagunda mpaka m'makutu. Zinabwera mothamanga, mopanda mantha, n'kuyamba kujompha ndi kuponda chidole chija. Imodzi itatambasula mchira ndinadziwa: nthenga zapakati zinali zazitali kuposa zam'mbali, ngati dzanja lomwe zala zapakati zatsogola. Ndevu zinali tifupitifupi, tosakwana chala, tongoti njo kutsogolo, ndipo zikhadabo za kumbuyo kwa miyendo zinali timatuza chabe. Anali atambala a chaka chimodzi, omwe alenje kuno amawatchula jake. Tambala wamkulu, yemwe amati tom, mchira wake umakhala wozungulira mofanana ndipo ndevu zimatha kufika masentimita 25.

Apa ndi pomwe alenje amakangana kwambiri. Malamulo a Indiana akanandilola kulasa. Ku Mississippi, chigawo china cha America, sizili choncho: munthu wamkulu saloledwa kupha katambala kotere, ndevu zimayenera kufika mainchesi 6, pafupifupi masentimita 15, koma ana amaloledwa. Chigawo cha Arkansas nacho chili ndi lamulo lofanana. Maganizo ake ndi akuti tambala wa chaka chimodzi nthawi zambiri sakwera matadzi, ntchitoyo amagwira ndi akuluakulu, ndipo ukamusiya chaka chamawa amakhala tambala wa zaka ziwiri, msinkhu womwe amalira kwambiri ndi kuyankha ukaitana. Ena amati nyama ya katambala ndi yofewa, ndipo kulasa mbalame iliyonse ndi uta ndi ntchito yaikulu kale. Mkulu uja ali mbali imeneyi pa nkhani ya oyamba kumene. Anali atandiuziratu usiku wa dzulo lake kuti, "Achimwene, kakabwera kajake musachite manyazi, lasani. Inenso ndinayambira pomwepo."

Ndinakoka uta mpaka pa tsaya. Katambala kakutsogolo kanali cham'mbali, mamita 9, poyera. Ndipo ndinabweza nsinga pang'onopang'ono osaponya.

Chinandibweza sichinali chifundo chokha. Pa masiku onse omwe tinamvetsera pa famu ija, atambala akuluakulu tinamva awiri basi. Mlimi uja anatiuza kuti zaka zapitazo ankawerenga magulu akuluakulu m'munda mwake nthawi yozizira, koma tsopano akuchepa. Ndinali nditawerenganso mbiri ya mbalamezi. Zinatheratu mu Indiana chifukwa cha kudula nkhalango ndi kusaka kopanda malire, ndipo boma linagwira ntchito kuyambira 1956 mpaka 2004 kugwira zam'tchire kwina n'kudzazimasula kuno. Kusaka kunatsegulidwanso mu 1970. Ine ndinakulira m'mudzi momwe agogo ankasimba za agwape ndi ntchenzi zomwe ife sitinazione. Tiatambala tinayi timeneti ndiye tinali tsogolo la munda umenewo, ndipo sindinafune kuchotsapo kamodzi ndili mlendo. Komabe sindimunyoza amene walasa jake mwalamulo, makamaka mwana kapena woyamba kumene, kapenanso pamalo pomwe mbalame zachuluka. Chomwe ndimalangiza ndi kuganiziratu usanalowe m'tenti, chifukwa uta ukakoka manja amanjenjemera ndipo nthawi yolingalira palibe.

Tiatambala tija tinasewera ndi chidole pafupifupi mphindi khumi n'kumapita. Masiku asanu otsatira sindinaone kanthu koma agwape ndi mvula.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, dzuwa litakwera, matadzi atapita kukaikira mazira, tambala wamkulu analira kumbuyo kwa tenti. Sindinaitanenso. Anazungulira pang'onopang'ono, mapiko akukwekwesa pansi, mutu ukusintha kuchoka kufiira kupita koyera. Atafika pa chidole anatembenuka n'kundipatsa msana, mchira wotambasula ukumuphimba maso. Ndi pomwe ndinakoka uta. Ndinadikira atembenukire cham'mbali, ndinaonetsetsa kuti muvi wapitirira nsalu ya zenera, n'kuponya. Anadumpha kamodzi, anathamanga mamita ngati 15, n'kugwa.

Ndisanamunyamule ndinalemba kapepala ka dzina langa ndi tsiku monga lamulo likunenera, ndipo ndili m'galimoto ndinamulembetsa pa foni, chifukwa boma limapereka maola 48 okha. Chidali chimodzi ndinakasiya kwa mlimi uja. Miyendo ya nkhukundembo yam'tchire ndi yolimba ngati ya tambala wachikuda wokalamba, choncho mayi a kunyumba anaiphika maola anayi ndi tomato ndi anyezi, tinadyera nsima. Tikudya, mlimi uja anaimba foni kunena kuti tiatambala tinayi tija watiwona madzulo omwewo kuseri kwa nkhokwe zake.