Tsiku lomwe ndinadya chaka chatsopano cha eni nyumba

Mu 2023 ndinkachita lendi kachipinda kam'mwamba ku Leeds, ku England, m'nyumba ya agogo ena ochokera ku Shiraz, m'dziko la Iran. Ntchito yanga inali yausiku, yosamalira okalamba, ndiye usana ndinkangogona ngati mleme. Agogowo ankanditchula kuti "mwanangu", ine nkumati "Agogo", ndipo tinkakhala bwinobwino mpaka mwezi wa Malichi utafika.

Zinayamba ndi kukolopa. Makatani pansi, makapeti panja, mipando miyendo m'mwamba. Ine mtima unagunda, ndinati basi nyumba yagulitsidwa, ndiyambe kusaka kolowera. Mdzukulu wawo, mnyamata wa ku yunivesite, ndiye anandikhazika mtima pansi. Anati mwambowu amautcha khaneh tekani, kutanthauza kugwedeza nyumba, ndipo akukonzekera Nowruz, "tsiku latsopano", chaka chawo chatsopano chimene chimabwera chisanu chikatha, pamene usana ndi usiku zafanana kutalika.

Lachiwiri pa 14 Malichi madzulo anakoleza timoto titatu kuseri kwa nyumba, nkundiuza kuti ndidumphe. Umenewo ndiwo Chaharshanbe Suri: podumpha umauza moto kuti utenge chikasu chako, ndiko kufooka ndi matenda, ukupatse kufiira kwake. Ndinadumpha nditavala thalauza la kuntchito. Moto unatenga chikasu changa pamodzi ndi mpendero wa mwendo wakumanzere. Anthu anaomba m'manja, ine ndinayesa kuti mayeso ndakhoza.

Lolemba pa 20 ndinaweruka m'mawa, maso ali gwa ndi tulo. Agogo ndinakumana nawo pakhomo akupita kukagula zinthu, kuti kenako akachingamire mwana wawo ku bwalo la ndege. Anagwira pamtima nati, "Mwanangu, nyumba ino ndi yako. Chilichonse chili muno ndi chako, usachite manyazi."

Mawu amenewo muwasunge, chifukwa ndiwo mboni yanga yokhayo pa mlanduwu.

Ndinadzuka cha m'ma 3 koloko m'mimba mukulira mabingu. Potsika ndinapeza pabalaza pali tebulo loyalidwa nsalu yopeta bwino, pamwamba pake timbale tambirimbiri, kalilole, makandulo, buku lalikulu, ndi mazira opaka utoto. Kwathu ku Dedza chakudya chikaikidwa poyera chotere, mwini wake nkunena kuti usachite manyazi, nkhani yatha. Ndinayamba ndi apozi wofiira. Kenako ndinalawa kaphala kabulauni kamene kanali m'kambale kagalasi, ndipo abale inu, kanandifikitsa kumudzi. Kankanunkhira chimera, kutsekemera kwake ngati thobwa la pa chinkhoswe lomwe lagwira bwino. Supuni yoyamba inaitana yachiwiri. Pomwe ndinkazindikira, ndinali ndikukombeza ndi chala.

Mazira ndinadya awiri, wobiriwira ndi wofiira. Tizipatso tina touma tonga masau ndinalawa kamodzi kokha, kanandiumitsa kukhosi, ndinatisiya.

Zikanathera pamenepo bwenzi mlandu uli wochepa. Koma mimba ya Mchewa siivomera kuti yadya isanaone nsima. Ndinali ndi ufa ndi usipa umene mlongo wanga ananditumizira, chosowa chinali ndiwo zamasamba. Ndipo taonani, pakati pa tebulo panali mbale yodzaza timasamba tobiriwira, totalika ngati chikhatho, tomangidwa riboni yofiira. Ndinati anthu awa ndi anzeru, amalima anyezi wamasamba m'nyumba momwe. Ndinatenga sizasi nkumweta bwinobwino mpaka pansi. Adyo anali pomwepo, ndinatenga. Viniga anali m'kabotolo kokongola, ndinathira pa tomato. M'mbale yagalasi munkasambira kansomba kofiira. Tinayang'anizana kanthawi ndithu. Mpaka lero ndimathokoza mlongo wanga chifukwa cha usipa uja.

Masambawo sanapse. Ndinawiritsa, ndinakazinga, koma kutafuna kwake ngati luzi. Ndinamezabe, poti chakudya cha eni sanyoza.

Cha m'ma 7 koloko chitseko chinatseguka, nyumba nkudzaza phokoso ndi masutikesi. Kenako zii. Nditasuzumira ndinaona Agogo ataima patsogolo pa tebulo, chikwama chidakali m'manja, akuwerenga ndi chala. Anawerenga kawiri. Mwana wawo wochokera ku ndege uja anandiyang'ana ine, nkuyang'ana mbale yometedwa mpala ngati mutu wa namfedwa, nkuyang'ananso ine, amene ndinali ndi kasamba kobiriwira pa dzino.

Mdzukulu uja anandikokera kukhitchini, akudziluma mlomo kuti asaseke. "Achimwene, mwadya haft-sin." Anandifotokozera kuti patebulopo pamaikidwa zinthu 7 zoyamba ndi chilembo cha S m'Chiperisiya, chilichonse ndi tanthauzo lake. Apozi ndi sib, thanzi ndi kukongola. Adyo ndi sir, mankhwala. Viniga ndi serkeh, ukalamba ndi kudekha. Kaphala kaja ndi samanu, ka tirigu womeretsa, ndipo kamaimira mphamvu ndi chonde. Anyezi wanga uja sanali anyezi, anali sabzeh, tirigu amene Agogo anakhala akumuthirira milungu iwiri kuti aimire moyo wophukanso. Pa 7 panatsala ziwiri: senjed, tizipatso tachikondi tija, ndi somaq, kaufa kofiira kowawasa komwe ndinakasiya poyesa kuti ndi utoto.

"Koma anati chilichonse ndi changa," ndinatero.

"Imeneyo ndi taarof," iye anayankha. "Kwathu ngakhale woyendetsa takisi amakuuzani kuti musalipire. Mumayenera kukana, kukananso, kenako kulipira."

Safunsa anadya phula. Ine ndinadya ndi mbale yomwe.

Vuto linali nthawi. Chaka chawo sichidikira 12 koloko usiku ngati chathu. Chimalowa pa mphindi yeniyeni imene dzuwa lafika pa equator, mzere wongoyerekeza wozungulira pakati pa dziko lapansi, ndipo chaka chimenecho ku Britain inali 9:24 usiku. Mdzukulu anati kuwerengera kotereku nkwakalekale, kalendala yawo inakonzedwa mu 1079 ndi akatswiri a nyenyezi, mmodzi mwa iwo Omar Khayyam. Ndiye kuti akuluakulu aja anatopa nkuwerengera zakumwamba zaka zoposa 900 zapitazo kuti ine ndidziwe kuti ndatsala ndi maola awiri.

Ndinathamangira kusitolo yapakona. Apozi, adyo ndi viniga sizinavute. Samanu ndiye ayi: tirigu amafuna masiku kuti amere, kenako kutakasa mumphika maola ambiri, mwina usiku wonse. M'malo mwake anaikapo ndalama zachitsulo, poti sekkeh nayonso imayamba ndi S, ndipo zinatuluka m'thumba mwanga. Sabzeh anangomumanganso riboni, zitsa zili tsoo.

Ndikukonza tebulo, Agogo anayamba kulankhula, osakweza mawu, zomwe zimapweteka koposa. Anati chikondwererochi chatha zaka pafupifupi 3,000, kuyambira nthawi ya chipembedzo cha Zoroaster, ndipo nthano zimati anachiyambitsa ndi mfumu Jamshid. Anati pafupi ndi kwawo ku Shiraz pali mabwinja a Persepolis, pomwe pamakoma anasemapo mitundu ya anthu itandanda kubweretsa mphatso kwa mfumu. "Mfumu Alexander Wamkulu anabwera mu 330 BC, anatentha Persepolis, Nowruz inatsala. Aluya anabwera, inatsala. A Mongol anabwera, inatsala." Anapuma pang'ono. "Koma palibe ndi mmodzi yemwe anaidya ndi nsima."

Nyumba yonse inagwa nako kuseka, Agogo mpaka misozi. Itakwana 9:24 tinapsompsonana m'masaya, chaka cha 1402 chinalowa, tinadya mpunga wamasamba ndi nsomba. Kenako Agogo anatsegula buku la ndakatulo za Hafez lija nkuyamba kugawa eidi, ndalama zapepala zatsopano. Atafika pa ine ndinati apa ndiye ndionetse kuti ndaphunzira. Ndinakana koyamba. Ndinakana kachiwiri. Kachitatu. Nditakana kachinayi, anagwedeza mutu nkubwezera mapaundi 20 aja m'buku.

Tsiku la 13 la chaka, lomwe amalitcha Sizdah Bedar, aliyense amatuluka m'nyumba kukadyera panja, ndipo sabzeh amamutaya m'madzi oyenda kuti apite ndi tsoka lonse. Asanamutaye, atsikana osakwatiwa amamanga mfundo pa timasambato kuti apeze banja. Wathu anali ataphukirako pang'ono chabe, ngati ndevu za mnyamata wa Fomu 2. Mdzukulu wamkazi wa Agogo anayesa ndi zala, anayesa ndi zikhadabo, mfundo osagwira. Mpaka pano sanakwatiwe, ndipo Malichi aliyense amanditumizira pa WhatsApp chithunzi cha sizasi.