Mbiri ya moyo wanga, Gawo 6: Funso la a Profesa

Gawo lapitali ndinalekezera pomwe ndinayamba digiri yachiwiri, yofufuza kafalidwe ka miliri. Chaka chisanathe kolera inabuka m'dera lina, ndipo a Profesa ananditumiza kumeneko ndili ndi kope ndi cholembera basi.

Ndinayenda khomo ndi khomo, kulemba aliyense wotsegula m'mimba, zaka zake, tsiku lomwe anayamba kudwala ndi komwe amatunga madzi. Onse ankatchula mjigo umodzi. Pobwerera ndinkadziona ngati John Snow, dokotala uja amene mu 1854 anatsata imfa za kolera ku Soho, mumzinda wa London, mpaka akuluakulu anachotsa chopopera pa mjigo wa mu Broad Street.

A Profesa anawerenga kope langa lonse osayankhula, kenako anavula magalasi.

"Nanga amene sanadwale, iwo amatunga kuti?"

Ndinangoti kukamwa yasa. Wabwinobwino sindinafunse ndi mmodzi yemwe.

"Snow wakoyo ukamuwerengenso, mwana wanga."

Ndinakawerengadi usiku womwewo, manyazi ali tho. Mliri uja unapha anthu oposa 600, koma Snow sanathere pa akufa okha. Anafunsanso za ogwira ntchito pa fakitale yofulula mowa ya mumsewu womwewo, omwe kolera inawalambalala. Iwo ankapatsidwa mowa pantchito, ndipo madzi a mjigowo sankamwa. Anatsatanso imfa ya mayi wina wamasiye wa ku Hampstead, kutali ndi Soho, amene ankaitanitsa madzi a mjigo womwewo poti ankamukomera. Mayi ameneyu ndimamukumbukirabe mpaka lero, kaya n'chifukwa chiyani.

Ndinabwereranso kudera kuja. Pa wodwala aliyense ndinkafunanso mnansi wamsinkhu wake amene sanadwale, n'kuwafunsa mafunso ofanana. Abwinobwino nawonso ankatunga pa mjigo womwe uja! Kusiyana kunali m'nyumba. Odwala ambiri ankasunga madzi m'ndowa zosavundikira, aliyense n'kumapisamo kapu ndi dzanja lomwe, pomwe anansi awo ambiri anali ndi zigubu zokamwa pang'ono. Ndikanatseketsa mjigo wosalakwa, anthu n'kuthamangira kumtsinje.

Zimenezi ndi zomwe zinabala pepala langa loyamba la kafukufuku. Magazini yoyamba yomwe ndinatumizako inalikana, koma nkhani imeneyo ndikusimbirani m'gawo lotsatira.