Ulendo wa ku Lilongwe wokamvera zimbale ziwiri

Amalume anakhala akundiitana kuyambira chaka chatha. Foni iliyonse mawu ake anali amodzimodzi: "Mphwanga, iwe umaimba kiyibodi kutchalitchi, koma nyimbo sunazimvebe. Bwera udzakhale pampando wanga." Loweruka lapitali ndinalawirira, n'kukwera minibasi pa Ntcheu boma dzuwa lisanatuluke.

Pa Lizulu tinaima kanthawi ndipo ndinagula ndowa ya kachewere, poti kwa eni sufika chimanjamanja. Dedza tinadutsa kuli nkhungu, kenako Linthipe, Nathenje, mpaka m'depoti ya Lilongwe cha m'ma 10 koloko. Amene anafikako akudziwa phokoso lake. Oitanira akukuwa, mahutala akulira, ndipo kashopu kalikonse koika nyimbo m'mamemori katulutsa sipika pakhomo, aliyense akufuna kuposa mnzake. Ndinakwera kabaza wa njinga yamoto, ndowa pamwendo, tinawoloka mlatho wa mtsinje wa Lilongwe kulowera ku Area 47.

Amalume anagwira ntchito ya zamagetsi ku Johannesburg zaka zambiri, ndipo pobwerera kumudzi katundu amene anamusamala kwambiri ndi ampulifaya, masipika ndi katoni ya zimbale. Chipinda chimene ena akanagonekamo alendo iwo anachipatula kuti chikhale chomvereramo nyimbo. Masipika atatu ali kutsogolo, awiri kumbuyo chakumbali, ndipo wufa ili pansi pakona. Kakonzedwe kameneka, ka masipika asanu ndi wufa imodzi, ndi kamene amati 5.1. Pakati pali mpando umodzi wokha. Pasimenti anamatapo tizidutswa ta tepi posonyeza pamene mwendo uliwonse wa mpandowo uyenera kukhala, ndipo anandionetsa chingwe chokhala ndi mfundo chimene amayezera kuti sipika iliyonse italikirane ndi mutu wa womvera mofanana. Kukhoma anapachikako mikeka iwiri ndi bulangete lochindikala kuti mawu asamabwerere.

Tisanayambe n'komwe, magetsi anazima. Inveta ya pakhomopo ndi ya mababu ndi kutchajira mafoni basi, ampulifaya singaikwanitse. Tinadya nsima ya chambo ndi nkhwani wotendera, n'kukhala pakhonde, amalume akundiphunzitsa.

Anati nyimbo zimenezi, za progressive rock, zinakula ku England chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Anyamata ake anatopa ndi nyimbo za mphindi zitatu za pawailesi, nayamba kupeka zazitali, zosinthasintha kagundidwe, zosakaniza gitala, limba ndi phokoso la zinthu wamba. Anatulutsa zimbale zija n'kumandionetsa manambala a kuseri, osonyeza kuti mawu anasungidwa mwatsatanetsatane bwanji. CD wamba imasunga mawu pa 16-bit ndi 44.1 kHz, m'njira ziwiri zokha, kumanzere ndi kumanja. Blu-ray ndi DVD-Audio zimatha kufika pa 24-bit ndi 96 kHz, njira zisanu ndi imodzi. Palinso mtundu wina wa chimbale wotchedwa SACD, umene makampani a Sony ndi Philips anatulutsa mu 1999.

Magetsi anayaka cha m'ma 4 koloko. "Khala apa. Foni zimitsa. Usayankhule mpaka chithe."

Anaika The Dark Side of the Moon cha gulu la Pink Floyd, chimene chinajambulidwa ku situdiyo ya Abbey Road mu London n'kutuluka mu 1973. Cha amalumecho ndi SACD ya mu 2003, imene katswiri wa zojambula mawu James Guthrie anasakaniza mwatsopano kuti imveke m'masipika onse. Chimayamba ndi kugunda kwa mtima. Kugundako kunachokera pansi, m'wufa muja, ndipo ndinakumva m'chifuwa ndisanakumve m'makutu. Kenako mawu a anthu oyankhula ndi kuseka anayamba kutulukira uku ndi uku, wina kumbuyo kwa phewa langa lenileni. Pamene mawotchi ambirimbiri analira nthawi imodzi, thupi lonse linachita tsembwe. Wotchi iliyonse inali ndi malo akeake m'chipindamo, moti ndikanatha kuiloza ndi chala. Mayi wina amaimba m'chimbalemo popanda liwu ndi limodzi lomwe la chinenero, kungolira ndi mawu basi, ndipo ndinakumbuka amayi akumudzi akamakhuza maliro usiku. Mphindi 43 zinatha ndili duu.

Chachiwiri chinali Close to the Edge cha gulu la Yes, cha mu 1972, chimene woimba wina, Steven Wilson, anachisakaniza mu 5.1 mu 2013. Nyimbo yoyamba yokha imapitirira mphindi 18. Imayamba ndi madzi oyenda ndi mbalame, ndipo ndinatembenukira kuwindo poyesa kuti zili mumtengo wa mango panja. Chapakati pamalowa limba la m'tchalitchi, la mapaipi. Ine amene ndimagwira kiyibodi Lamulungu lililonse ndinali ndisanamvepo limba likudzaza nyumba chomwecho, kuchokera kutsogolo mpaka kuseri kwa khosi.

Ndinene zoona pa nkhani ya manambala ija. Amalume amalumbira kuti kusiyana kwa 16-bit ndi 24-bit amakumva. Anandiyeserera kangapo, koma makutu anga sanagwirepo kanthu kooneka. Chimene chinandigwira ine ndi malo. Nyimbo yochokera m'masipika awiri imakhala patsogolo pako ngati anthu ali pansanja, iwe uli m'gulu la oonerera. Ya masipika asanu imakulowetsa m'bwalo. Ndipo ife a ku Ntcheu zimenezi si zachilendo. Amene anaimapo pakati pamene madoda akuvina ngoma akudziwa: mapazi akugunda nthaka kumanzere, zishango kumanja, amayi akuwomba m'manja ndi kuyankha nyimbo kumbuyo, nthungululu ikuchokera kumene sukuyembekeza. Tinakula tikumva nyimbo motizungulira. Wailesi ndi foni ndi zimene zinatizoloweretsa kuti nyimbo izichokera pakabowo kamodzi.

Nditawauza zimenezi, amalume anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndiye n'chifukwa chake ndinkazikonda ndili ku Joni. Ndinkasowa kwathu."

Zimandipweteka kuti nyimbo zathu zambiri timazimva zitafinyidwa m'mafayilo ang'onoang'ono otumizirana pa WhatsApp, besi ili phokoso lokhalokha. Makwaya athu, ng'oma zathu, mangolongondo, zonsezi zikanamveka bwanji zitajambulidwa ndi mamaikolofoni ozungulira bwalo? Tinakambirana zimenezi mpaka usiku, tikudya kachewere uja wokazinga.

M'mawa mwake anandiperekeza kudepoti. Tinapangana kuti mu Disembala, kwaya yathu ikamakonzekera nyimbo za Khirisimasi, adzabwera ku Ntcheu ndi rekoda yawo ndi mamaikolofoni anayi. Ntchito yanga ndi kukapempha abusa kuti atilole kuimika oimba mozungulira tchalitchi chonse tsiku limenelo, m'malo mwa mizere iwiri kutsogolo.