Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Mtovu wa pansi pa ngalawa

Tinalekezera pamene thupi la ngalawa imene ndinkadzipangira linali litatha m'shedi muja ku Hout Bay, pafupi ndi Cape Town ku South Africa, matabwa onse a plywood atamatidwa ndi guluu wolimba wa epoxy, nsalu ya fibreglass itakutidwa kunja. Anzanga a ku Imizamo Yethu, dera la ku Hout Bay komweko, akabwera kudzaona Lamulungu ankangoti, "Achimwene, basi yatha iyi, kankhirani m'madzi." Sankadziwa kuti chinthu chimene chinkandisowetsa tulo chinali chisanayambike n'komwe, ndicho keel, chitsulo cholemera chimene chimakhala pansi pa ngalawa.

Ine ndinakulira ku Nkhotakota, ndipo bambo anga anali msodzi wa usipa. Bwato lawo linali la mtengo umodzi. Mwera ukalitembenuza, amuna ankasambira m'mbali mwake, kulitembenuzanso, kukapa madzi n'kukweramo. Kuno zimenezo n'zosatheka. Madzi a ku Atlantic amene amabwera ndi mtsinje wa m'nyanja wotchedwa Benguela ndi ozizira moti manja amauma msanga, ndipo ukatuluka panja pa Cape Town kulunjika kumadzulo, ulendo wofika ku South America ndi wa milungu. Ngalawa ya panyanja yamchere iyenera kudzuka yokha ikagwa. Chimene chimaidzutsa ndi keel, chitsulo chachitali chopachikidwa pansi pake, chokhala ndi mtovu kumapeto. Mphepo ikamakankha thanga kumwamba, mtovu umakokera pansi.

Pojambula pulani yanga ndinaphunzira zambiri pa ntchito ya Dudley Dix, katswiri wojambula mapulani a ngalawa, amene anamanga ngalawa yake ya plywood, Black Cat, pakhomo pake ku Hout Bay komweko, n'kuyenda nayo pa mpikisano wa Cape to Rio, wochokera ku Cape Town kukafika ku Rio de Janeiro ku Brazil, mu 1996. Mu 2014, pa mpikisano womwewo, namondwe anaigubuduza ngalawayo iye ali momwemo. Inadzuka, ndipo onse anabwerera amoyo. Nkhani imeneyi ndi imene inandichititsa kuti ngalawa yanga ya mamita 7 ndiipatse mtovu wopitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake konse. Ena anati ndachulutsa, idzakhala yaulesi mphepo ikachepa. Ndinavomera ulesiwo ndi mtima wonse.

Mtovu watsopano sindikanaukwanitsa ndi malipiro a munthu wopala ngalawa za anthu ena. Ndinayamba kuzungulira m'magalaja okonza matayala ku Wynberg ndi ku Retreat, kupempha tizitsulo timene amakanikiza pa rimu kuti tayala lisamanjenjemere. Si tonse tili ta mtovu, tina ndi ta zinc kapena chitsulo wamba. Usiku ndinkakhala pa kreti ndi pulayala, kutsina kamodzikamodzi. Ka mtovu kamalola, mano a pulayala amalowa ngati mu sopo. Ka zinc kamakana, ndiye kamapita m'chidebe china, chifukwa zinc akasungunukira mu mtovu amauwononga wonse.

Tsiku losungunula tinachitira panja, mphepo ya kummwera chakummawa ikuwomba kuchokera kumbuyo kwathu kuti utsi uzipita kutali. Utsi wa mtovu ndi poizoni, ndipo ana a oyandikana nawo ndinawathamangitsa popanda chisoni. Chikombole cha simenti ndinali nditachiumika milungu yambiri, ndipo m'mawa umenewo ndinachiwotchanso ndi moto wa gasi, pakuti kadontho kamodzi ka madzi kakatsekeredwa pansi pa mtovu wotentha kamasanduka nthunzi n'kukuthira mtovuwo kumaso. Mtovu umasungunuka pa madigiri 327 a Celsius. Umayamba kunyezimira m'mphepete mwa mphika, kenako mulu wonse umangotitimira, tizitsulo togwirira pa rimu n'kuyandama pamwamba kuti utiyengule ndi chipande chobowola.

Malume anga, amene agwira ntchito m'minda ya maluwa ya ku Constantia kwa zaka zambiri, ndiwo anagwira mbali ina ya mphika. Tikuthira sanayankhule. Titatsiriza anavula magolovesi nati, "Mphwanga, ndalama zonsezi bwenzi utamangira nyumba ya malata kumudzi." Ndinawauza kuti nyumba ndidzamanga, koma iyi ndikaisiya pano sindidzaibwereranso. Anangopukusa mutu, koma Loweruka lotsatira anabweranso okha, atanyamula jeke ya galimoto.

Jekeyo inafunikadi. Mtovu umalemera kuposa madzi maulendo 11, ndipo chinthu chooneka chaching'ono chija amuna anayi tinalephera kuchisuntha. Mmene tinachikwezera pansi pa ngalawa ndi kubowola mabowo a mabawuti, ndidzafotokoza m'gawo 10.