Mmene ndinagwirizanitsira makope awiri a environment ya U-Boot

U-Boot ndi pulogalamu yomwe imadzutsa Linux pa kabodi kathu ka kompyuta, ndipo environment ndi mndandanda wa zosintha zomwe imasunga. Magetsi anazima kabodi kathu kali mkati molemba zosinthazi mu SPI NOR flash, chip yosunga deta ngakhale magetsi atazima. Atayaka, pa serial console, pomwe timawerengera mauthenga a kabodi kudzera pa chingwe, panangotuluka "bad CRC, using default environment", kutanthauza kuti CRC, nambala yotsimikizira kuti deta sinawonongeke, sinagwirizane, ndiye U-Boot inabwerera ku zosintha zake zoyambirira. MAC address, nambala ya kabodi pa netiweki, inali itafufutika, bootcmd yathu, lamulo lodzutsira Linux, kulibe, Linux osadzuka. Mtima unandiwawa, poti timabodi tina totere tili kutali, kopanda woti n'kukalumikiza chingwe.

Ndinaganiza zosunga makope awiri a environment. Mu config ya U-Boot ndinayatsa CONFIG_SYS_REDUNDAND_ENVIRONMENT, kenako ndinapatsa kopi yachiwiri malo ake ndi CONFIG_ENV_OFFSET_REDUND. Apa pofunika kusamala. Chip yathu imafufuta chigawo cha 64 KiB, chotchedwa sector, nthawi imodzi, ndiye makopewo akagona mu sector imodzi amafera limodzi. Iliyonse ndinaipatsa sector yakeyake.

Chomwe chinandidyera tsiku lonse ndi bayiti imodzi. Environment ya kopi imodzi imayamba ndi mabayiti 4 a CRC32, deta n'kutsatira pomwepo. Ikakhala ya makope awiri, pakati pamalowa bayiti yachisanu, yonena kuti yamoyo ndi iti. U-Boot imalemba zatsopano pa kopi yopuma, ikamaliza bwinobwino ndi pomwe imatembenuza bayiti ya kopi yakale kuchoka pa 1 kupita pa 0. Ndimaikonda nzeru imeneyi: pa NOR kutsitsa 1 kukhala 0 sikulira kufufuta sector, choncho magetsi azime pena paliponse, kopi imodzi yabwino imatsala.

Koma ku Linux, mu /etc/fw_env.config, fayilo yonena pomwe environment ili, munali mukadali mzere umodzi, wa kopi imodzi yokha. Pulogalamu ya fw_printenv, yowerengera environment ku Linux, inkaona bayiti yachisanuyo ngati deta, n'kumadandaula za CRC pamene U-Boot ikuwerenga bwinobwino. Ndikanathamangira fw_setenv, yolembera environment ku Linux, pamenepo, ndikanapondereza kopi yabwino ndi za default. Ndinawonjezera mzere wachiwiri, n'kufananiza offset (pomwe kopi ikuyambira mu flash), kukula kwa environment ndi kukula kwa sector ndi zomwe zili mu config ya U-Boot, nambala ndi nambala. Fayilo ya environment yomwe timalemba pa bodi yatsopano ndinaipanganso ndi mkenvimage -r, chifukwa popanda -r bayiti ija simukhala.

Poyesa, ndinasintha bootdelay, nthawi yomwe U-Boot imadikira isanadzutse Linux, ndili ku Linux n'kukaiwerenga ku U-Boot, kenako ndinasintha ku U-Boot ndi saveenv n'kukaiwerenga ku Linux. Pa hexdump, yoonetsa mabayiti a mu flash mmene alili, ndinkaona 01 ndi 00 zikusinthana malo nthawi iliyonse. Pomaliza ndinalemba kasikiripiti kobwereza fw_setenv mosalekeza, ndipo masana onse ndinkangozula pulagi n'kubwezera. Kabodiko kankadzuka ndithu, pena ndi bootdelay yatsopano, pena ndi yakale.