Zikomo nonse, mawu anga abwerera

Abale ndi alongo, Lamulungu lapitali ndinaimba ndekha m'tchalitchi koyamba chichitireni opaleshoni ya chithokomiro. Inali ndime imodzi yokha, koma ndinafika nayo kumapeto osatsamwa. Inu amene munandiona chaka chatha ndikunong'ona ngati wakuba nkhuku mukudziwa kuti si nkhani yamasewera.

Atandichotsa chotupa chija, mbali imodzi ya kholingo inangouma gwa, osagwedezeka. Ntchito yanga kuno ku Kaiserslautern, ku Germany, ndi yosamalira okalamba, ambiri mwa iwo ogontha, ndiye tangoganizani. Ndinkayenda ndi kope m'thumba, kulembera agogo kuti nthawi ya mankhwala yakwana.

Mayi a kunyumba, zikomo. Miyezi 7 yathunthu munali pakamwa panga, pafoni, kubanki, kusukulu kwa ana. Amayi ku Dedza, munkaimba foni Loweruka lililonse n'kumalankhula nokha, ine ndikungogogoda foniyo ndi chala kuti mudziwe kuti ndikumva. Zikomonso mayi wondiphunzitsa kulankhula, amene ankandipulizitsa kachubu m'botolo la madzi, bambo wamkulu ine, thovu lili bwubwubwu, ana anga akufa ndi phwete.

Koma ndichedwepo pa agogo ena a m'kwaya mwathu, oimba alto. Atamva kuti ndasiya kubwera ku mapulakatisi, anafika kunyumba ndi zimbale za Fritz Wunderlich, woimba tena wotchuka wa ku Germany. Anandiuza kuti ndisayerekeze kuimba naye, ndizingomvetsera pamene akupumira. Poyamba zinandiwawa. Munthu wopanda mawu n'kumupatsa tena woteroyo, si chipongwe chimenecho?

Ndinamvetserabe. Bamboyu amatenga mzere wautali ndi mpweya umodzi, osaumiriza, liwu lililonse la Chijeremani likumveka bwinobwino, mwakuti ngakhale ine wa Chijeremani chothyokathyoka ndimatola zonse. Agogowo ndi amene anandifotokozera kuti ku sukulu ya zoimba ya ku Freiburg, komwe Wunderlich anaphunzira kuyambira 1950 mpaka 1955, ankaphunziranso kuliza lipenga. Apo m'pamene ndinasiya kuchita manyazi ndi botolo langa lija.

Nditapezako bwino ananditengera ku Kusel, katauni kamene Wunderlich anabadwira pa 26 September 1930, pafupi ndi kuno. M'nyumba yosungiramo mbiri ya tauniyo muli zinthu zake. Sanakulire pabwino ayi. Makolo ake onse anali oimba, koma bambo ake anadzipha iye ali ndi zaka 5, banja n'kutsala pa umphawi. Ali mnyamata ankagwira ntchito kophikira buledi, n'kumaimbanso m'magule kuti papezeke kangachepe. Mu 1954, akadali pasukulu, anaimba mbali ya Tamino mu Die Zauberflöte, opera (sewero loimba) ya Mozart, ndipo chaka chotsatira anamulemba ntchito ku nyumba ya opera ya ku Stuttgart. Mu 1959 anaimba ku Salzburg pansi pa wotsogolera oimba Karl Böhm, mu 1960 n'kusamukira ku Munich, kenako Vienna inamufunanso. Kwa ine, pa Mozart palibe tena wina amene amamufika, ngakhale m'kwaya mwathu ena amanditsutsa.

Chimene chinandikhazika chete ndi mathero ake. Mu September 1966 anaimba ku Edinburgh, akukonzekera kukaimba koyamba ku Metropolitan Opera ku New York. Patangopita masiku ochepa anagwa pa masitepe m'nyumba ya mnzake kumene anapita kokasaka nyama, n'kuvulala m'mutu. Anamwalira ku Heidelberg pa 17 September, kutatsala masiku 9 kuti akwanitse zaka 36, kusiya mkazi ndi ana atatu. Pobwerera ku Kusel tsiku limenelo sindinadandaulenso za kholingo langa. Ndinkangoganiza za ana atatuwo, poti nanenso ndili ndi atatu.

Agogo, sindikutchulani dzina poti simukonda zimenezo, koma mdzukulu wanu akuwerengerani izi ndikamumasulira. Zikomo chifukwa cha zimbale, ndi khofi wowawa uja amene ndinkangomwa mwaulemu.

Anzanga a tena, munandisungira mpando chaka chonse osaikapo munthu. Aphunzitsi a kwaya, munatsitsa nyimbo ija pang'ono osauza aliyense. Ndinazindikira, musaganize kuti sindinamve. Achimwene ndi achemwali a gulu lathu la Amalawi kuno, ndiwo zimene munkabweretsa nditangotuluka m'chipatala zinatithandiza kwambiri, ndipo mapoto awiri akadali kwathu, eni ake abwere adzatenge.

Mawu apamwamba sanabwerere onse, ndipo ndikalankhula nthawi yaitali amasasa. Botolo lija lidakali pawindo la kukhitchini, ndimalipuliza m'mawa uliwonse ndisanapite ku ntchito. Lachinayi ndidzakhalapo ku mapulakatisi, ndipo mandasi ndi anga.