Tinkafuna nyumba ya mfumu, tinakapeza bwinja

Nsapato yanga yakumanzere inatsalira m'matope ku Wharram Percy. Pamene ndinkalimbana nayo kuizula ndi manja awiri, mwendo umodzi uli m'malere ngati kakowa, mwana wanga anali ataima chapatali akufunsa kachitatu: "Amayi, ndiye nyumba ya mfumu ija ili kuti?"

Ndiyambire kumayambiriro. Mnyamata wangayu ali ndi zaka 11 ndipo moyo wake wonse uli pa gemu ina ya pakompyuta imene iyeyo ndi bwana wa kamudzi ka makedzana. Amamanga chigayo, amalamula alimi kuti akadule mitengo, amatolera msonkho, kenako kumabwera chinjoka cholavula moto n'kuwotcha nkhokwe zonse. Alimiwo amawatchula kuti "anthu anga". Ine ndikamachokera ku shifiti ya usiku kosamalira okalamba, msana ukuwawa, ndimamupeza akudandaula kuti anthu akewo ndi aulesi. Kusukulu atawapatsa ntchito yolemba za mudzi wa ku England wa zaka 700 zapitazo, ndinati chabwino, tipite ukawaone anthu akowo kumene ankakhala. Ndinafufuza pa intaneti malo osalipiritsa polowa, chifukwa nyumba zakale za mafumu kuno ku England zimadya ndalama, ndipo dzina limene linatulukira ndi ili la Wharram Percy, ku North Yorkshire, kufupi ndi tawuni ya Malton.

Alamu anga anavomera kutitenga pa galimoto yawo Loweruka lina m'mwezi wa March. Ndinathira petulo wa mapaundi 25, ndinagula masangweji atatu ndi zakumwa pa sitolo ya pamalo othirira mafuta, ndalama ina n'kupita yoposa mapaundi 12 pa buledi wozizira amene kwathu sitingapatse mlendo. Kuchoka ku Leeds tinadutsa m'mbali mwa York n'kulunjika ku Malton. Za msewuwo ndilibe chonena, ndinagona. Ndinadzidzimuka tili pa kamsewu kopapatiza pakati pa minda, alamu akukangana ndi foni yawo imene inkaumirira kuti tafika pomwe panalibe chilichonse koma mpanda ndi chikwangwani.

Amene mukufuna kupitako, mverani izi. Pamalo oimika galimoto si pamudzipo. Muyenda pansi kupitirira kilomita imodzi, kutsetsereka chigwa, kudutsa pamene kale panali njanji, kenako kukwera pang'ono. Kulibe chimbudzi, kulibe sitolo, kulibe pobisala mvula. Nthawi zina njirayo imadutsa m'busa la ng'ombe. Ndipo valani jombo. Ine ndinavala nsapato zoyera zimene ndinagulira ukwati wa mnzanga, poganiza kuti malo oyang'aniridwa ndi bungwe losamalira malo akale la English Heritage ndiye kuti ndi a simenti. Alamu anangoyang'ana kutsetserekako n'kunena kuti, "Alamu, ine bondo langa lija. Mundipeza m'galimoto muno." Anatsala akumvera mpira pa wailesi.

Nsapato ija itazuka, inali yodzaza matope mpaka m'kati. Ndinakhala pa kamtumbira ka udzu, sokosi ili chonyowa, mphepo ikulowa m'mafupa, ndipo kunena zoona ndinali pafupi kulira ndi mkwiyo. Mwana anali atatupa masaya. Kutsogolo kwathu kunali tchalitchi chopanda denga, nyumba imodzi ya njerwa yotsekedwa, dziwe, basi. Kwina konseko udzu wokhawokha wokhala ndi timitumbira ndi timaenje, ngati munda wa mbatata umene unasiyidwa kalekale.

Apa ndi pamene anatulukira gogo wina wachizungu, wa tsitsi loyera mbuu, ali ndi ndodo ziwiri zoyendera ndi kagalu konyowa. Anandiyang'ana phazi, osaseka, n'kutsegula chikwama chake. Anatulutsa sokosi zaubweya zouma, zokhuthala ngati bulangete, ndi kathumba ka pulasitiki. Anati ndivale sokosiyo, ndivale kathumbako pamwamba pake, kenako ndilowetse phazi mu nsapato yonyowayo. Ndinakana kawiri monga mwa ulemu wa kwathu, iwo anangondiikira pamwendo. Kenako anatsegula fulasiki, mmene munali supu wa nsawawa wotentha, natithirira m'chivindikiro kuti tizilandirana ndi mwana. Atakhala pansi pafupi nane, anandiuza kuti, "Mukudziwa kuti mwakhala pa khoma la nyumba ya munthu?"

Ndinadzuka msangamsanga ngati ndakhalira nyerere.

Gogoyo anati ali mtsikana, pa tchuthi cha ku yunivesite, anabwera kudzathandiza kukumba pamalopa. Ofufuza zakale anakumba pano chilimwe chilichonse kwa zaka 40, kuyambira 1950 mpaka 1990, motsogozedwa ndi Maurice Beresford wa ku yunivesite ya Leeds ndi mnzake John Hurst. Anamugwira dzanja mwana wanga n'kumuyendetsa m'mbali mwa kamtumbirako. Apa khomo. Apa pamoto, pakati pa nyumba, utsi unkatulukira m'denga la udzu. Mbali iyi kunkagona anthu, mbali iyo ng'ombe, denga limodzi. Kuseri kuno kadimba ka banjalo. Atatero maso anga anatseguka: timitumbira tija tinali m'mizere, nyumba ndi nyumba, ndipo chigwa chaching'ono chimene ndinagweramo chinali msewu wa m'mudzi, umene unakumbika ndi mapazi ndi ngolo kwa zaka mazanamazana.

Mawu amene anandibwerera ndi akuti bwinja. Aliyense wokulira kumudzi amalidziwa bwinja: pamene panali mudzi, anthu n'kusamuka, n'kutsala mitumbira ya nyumba zogumuka, mapale, ndi mtengo wa mango umene sukudziwa kuti unadzalidwa ndi yani. Sindinkaganiza kuti azungu nawonso ali ndi mabwinja. Gogoyo anati ku England alipo pafupifupi 3,000 odziwika, ili langotchuka chifukwa ndi limene linakumbidwa kwambiri.

Mudziwu unalembedwa m'kaundula wa mfumu William wa 1086, uja amati Domesday. Pa nthawi imene unali pachimake, cha m'ma 1300, munkakhala anthu pafupifupi 200. Eni malo anali a banja la Percy, ndiye dzinalo. Mwana wanga atamva zimenezi anadumpha, "Nyumba yawo ili kuti?" Gogoyo anamulozera kumtunda, kumpoto kwa mudzi. Tinapitako. Timitumbira tinanso, tokulirapo pang'ono. Panali holo, khitchini, nkhokwe yaikulu, khola la nkhunda. Palibe nsanja, palibe mlatho wokweza ndi unyolo, palibe asilikali ovala zitsulo. Bwana wa kamudzi ngati aka anali mlimi wamkulu amene sankagwira khasu, basi.

Ndipo amene ankamugwirira khasulo ndi anthu a m'timitumbira tija. Gogoyo anafotokozera mwana mmene zinkayendera m'midzi yambiri ya nthawiyo. Minda inali ikuluikulu yopanda mipanda, yogawidwa m'tizigawo tatitalitali, banja lililonse kachigawo apa, kena uko, kuti nthaka yabwino ndi yoipa igawanidwe. Koma malowo sanali awo. Mlimi wosakhala mfulu ankalipira pogwira ntchito m'munda wa bwana, masiku awiri kapena atatu pa mlungu, ndipo nthawi yokolola masiku ankawonjezereka, pomwe tirigu wake yemwe akudikira kumunda. Ufa ankayenera kukagayitsa pa chigayo cha bwana n'kusiyako gawo. Akafuna kukwatitsa mwana wake wamkazi, alipire kwa bwana. Akamwalira, bwana ankatenga chiweto chabwino koposa pakhomopo. Tchalitchi nacho chinkatenga chakhumi. Woyang'anira ntchito ankasankhidwa pakati pa alimi omwewo.

Ine ndinangoti, "Thangata."

Gogoyo anafunsa kuti ndati chiyani, ndipo inali nthawi yanga yophunzitsa. Agogo anga aakazi anakulira pa esiteti ina ku Thyolo, ndipo nkhani ya thangata ankaikamba akusenda chimanga, mopanda kukweza mawu. Ukhale pa malo a mzungu, lendi yako ndi thukuta: mwezi wa lendi, mwezi wa msonkho, ndipo mwezi wake unkatalika monga mmene kapitawo wafunira, nthawi ya dzinja pomwe munda wako ukufuna kupalira. Ndi chimodzi mwa zimene zinakwiyitsa John Chilembwe mu 1915, ndipo thangata anathetsedwa mu 1962, amayi anga atabadwa kale. Sindikunena kuti ziwirizi n'chimodzimodzi. Ku Wharram bwana ndi mlimi ankapemphera m'tchalitchi chimodzi, khungu limodzi, chilankhulo n'kutheka chosiyana pang'ono. Kwathu azungu anabwera ndi sitima n'kupeza anthu ali pa malo awo. Koma kapitawo ndi kapitawo. Ndinamuyang'ana mwana wanga, bwana wa pakompyuta uja, ndikufuna kumufunsa kuti akuganiza kuti ifeyo tikanabadwira m'mudzi uno tikanagona mbali iti. Ndinadziletsa. Anali akumwa supu wa eni ake.

Chimene chimandinyansa ndi mafilimu ndi magemu amenewa si zinjoka ayi, zinjoka n'zabwinobwino, ifenso tili ndi napolo. Koma alimi amawaonetsa ngati nkhuku za pakhomo, ongoyendayenda kumbuyo, onenepa, akudya nyama yowotcha ndi mbatatesi. Mbatatesi! Kunalibe mbatatesi ku England nthawi imeneyo, ngakhale chimanga kapena tomato, zonsezi zinachokera ku America pambuyo pa 1492. Chakudya chinali buledi wakuda, phala la mbewu ndi nsawawa ndi masamba, ndi mowa wosalimba. M'manda a tchalitchi chopanda denga chija, cha St Martin, ofufuza anafukula mafupa a anthu oposa 600, ndipo anapeza kuti ana ankakula mochedwa kwambiri, moti wa zaka 14 ankatalika ngati wa zaka 10 wa masiku ano. Mwana wanga atamva izi anaima chilili n'kudziyeza ndi dzanja pamutu.

Koma nkhani imene inamugwira mtima ndi ina. Gogoyo anayang'ana kwa ine kaye ngati akupempha chilolezo, ine n'kugwedeza mutu. M'dzenje lina pakati pa nyumba, kutali ndi manda, munapezeka mafupa 137 a anthu osachepera khumi, okhala ndi zipsera za mpeni ndi zakupsa, ena mitu itadulidwa anthuwo atafa kale. Mu 2017 ofufuza a bungwe loona za malo akale la Historic England ndi a yunivesite ya Southampton analengeza kuti mano akusonyeza kuti anthuwa anali a m'dera lomwelo, osati adani ochokera kutali, ndipo kufotokoza kumene kukugwirizana bwino ndi zipserazo n'kwakuti anthu a m'mudzimo ankaopa kuti akufawo adzuka m'manda n'kumavutitsa amoyo, ndiye ankawaduladula ndi kuwawotcha. Maso a mnyamata anachita kutuluka. Ine ndinaseka mpaka kagalu kanauwa. Zaka zonsezi anzanga a kuntchito akhala akundifunsa ndi nkhope yachisoni ngati n'zoona kuti kwathu anthu amakhulupirira za ufiti.

Mudziwu sunathe ndi chinjoka kapena nkhondo. Mliri wa 1348 ndi 1349 unachepetsa anthu, koma otsala anapitiriza kulima. Chimene chinaumaliza ndi nkhosa. Ubweya unayamba kulipira kuposa tirigu, ndipo nkhosa zambirimbiri zimangofuna mbusa mmodzi ndi galu. Cha m'ma 1500 eni malo atsopano, a banja la Hilton, anachotsa mabanja anayi n'kugwetsa nyumba zawo, minda yonse n'kusanduka msipu. Tchalitchi chokha ndicho chinapitirira, chifukwa midzi yoyandikana inkapempherabe pomwepo, mpaka nacho chinasiyidwa, ndipo mbali ina ya nsanja yake inagwa mu 1959. Tinalowamo. Pansi pali udzu ndi miyala, pamwamba mitambo. Mabanja anayi aja sindinaleke kuwaganizira: tsiku limene anatuluka ndi miphika pamutu, kapena pangolo, kaya ankanyamula bwanji kuno, anakwera njira iti? Mwina yomwe ija inandilanda nsapato.

Gogoyo anatsanzika pa dziwe, akuti akupitiriza ulendo wake wapansi kulowera ku Thixendale. Ndinafuna kuvula sokosi kuti ndibweze, anakana, akuti ali nazo zambiri kuposa mapazi. Sindinafunse ngakhale dzina lawo, chinthu chimene amayi anga akanandikalipira nacho mlungu wathunthu.

Kukwera kubwerera kugalimoto kunatitengera nthawi yaitali kuposa kutsika, kathumba ka pulasitiki kakulira fwaa fwaa m'nsapato. Tinapeza alamu atadya masangweji awiri mwa atatu aja, timu yawo italuza. Anafunsa mwana kuti waona chiyani. Iye anati, "Mafupa odulidwa mitu," ngakhale sanaone fupa ngakhale limodzi.

Ntchito ya kusukulu ija analemba masamba awiri, tsamba limodzi ndi theka za akufa odzuka m'manda, mizere inayi za chigayo ndi chiweto chotengedwa pamaliro. Mawu akuti thangata anawalembamo, ndipo aphunzitsi anawazunguliza ndi cholembera chofiira n'kuika chizindikiro cha funso pambali. Gemu ija akuseweramobe. Dzulo ndinamumva akukalipira anthu ake kuti achedwa kukolola, kenako anatsitsa msonkho pang'ono, akuti aone ngati asiye kuthawa. Sokosi zija ndinazichapa, ndimavala pa shifiti ya usiku.